Masawu Opita ku Karonga

Ine ntchito yanga ndi ya nsomba. Ndimagula milamba yowamba ndi makakana ku Bangula n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo pa zaka zimene ndakhala ndikukwera ndi kutsika mapiri a Thabwa anthu andisenzetsa zambiri: nkhuku za apongozi, mankhwala a m'mabotolo, ngakhale wailesi yakufa yoti akaidzutse m'tauni. Ambiri ndimawakanira pamaso, chifukwa ine si positi ofesi. Koma panali katundu mmodzi amene ndinkalephera kumukana, ngakhale ndinkang'ung'udza chaka ndi chaka. Anali masawu a bambo Sebastiano, amene tinayandikana nawo nyumba kwathu kwa Mbenje.

Tonse pamudzi tinkawaitana kuti Ayavu, mmene Asena amaitanira agogo, ngakhale ife amene tinalibe nawo ubale. Anali munthu wamfupi, wowonda, wosasiyana ndi chingambwe pakamwa. Ntchito yawo inali yoluka miono, misampha ya nsomba ija ya bango, ndipo asodzi ankachokera mpaka ku Nyachikadza kudzaigula. Sankayankhula zambiri. Ukawapatsa moni ankayankha manja akupitiriza kuluka. Koma ungotchula dzina la mdzukulu wawo, bango ankaliika pansi n'kukuyang'ana.

Adzukuluwo anali atatu, Yamiko, Favour ndi Elisha, ndipo onse ankakhala ku Karonga, kumapeto kwenikweni kwa dziko. Mayi wawo Agnesi, mwana mmodzi yekhayo wa Ayavu, ndi namwino. Anamutumiza kumeneko atangomaliza maphunziro ndipo anakwatiwa komweko. Kuchokera kuno kukafika kumeneko munthu umagonera m'njira, n'kufika msana utatheratu. Agnesi ankabwera mwa apo ndi apo, koma yekha. Ana ankatsala chifukwa cha sukulu, kapena chifukwa cha kutalika kwa ulendo, kapena poti bambo awo ankati kutentha kwa kuno kungawadwalitse, ngati kuti ku Karonga anthu amafunda mabulangete masana.

Amene sadziwa kwathu kuno angaganize kuti masawu ndi chinthu chosowa. Ayi ndithu. Nyengo yake ikafika, masawu amangoti mbwee paliponse. Mbuzi zimadya mpaka kutopa nawo, ana amagendana nawo, amayi amawagulitsa m'zidebe m'mbali mwa msewu, ndipo otsala amathera m'miphika ya kachasu. Munthu wotumiza masawu ku Karonga ali ngati wotumiza mchenga, ndipo ndinkawauza Ayavu zimenezo osapsatira.

Koma iwo masawu sankawatola ngati mmene timatolera ife. Pakhomo pawo panali msawu waukulu umodzi, ndipo pafupi nawo panali ina itatu yaing'onopo. Mdzukulu aliyense akabadwa, uthenga ukangofika, Ayavu ankakwirira njere ya mu mtengo waukuluwo n'kuitchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye mphukira. Motero panali mtengo wa Yamiko, wa Favour ndi wa Elisha. Masawu akayamba kufiira, ankasesa pansi pa mitengoyo n'kuyalapo mphasa. Sankalola munthu kugwedeza nthambi kapena kugenda. Ankati sawu lokoma ndi logwa lokha, lothyola limakhala lisanamalize kuyamwa. Miono yawo ankasamukira nayo pamthunzi pomwepo, chibonga chili pambali, ndipo mbuzi za mudzi wonse zinkawadziwa. Yanga ina inatsimphina mpaka tsiku limene tinaipha.

Akatola ankayanika pathandala, a mtengo uliwonse paokha, akumatembenuza ndi dzanja ndi kuchotsa lililonse loboola mbozi. Kenako ankaluka timatumba titatu ta mlaza, tolukidwa mothinana moti ngakhale nyerere inkasowa polowera. Ka Yamiko ankakamanga mfundo imodzi pakamwa, ka Favour ziwiri, ka Elisha zitatu. Akamaliza ankabwera kwanga atatisenza paphewa, n'kuima pakhomo ngati mwana wofuna kupempha mchere.

"Make Witness, mupita liti ku Limbe?"

Ndiye kuti ine ndikatsika ku Blantyre ndi madengu anga onunkha, ndiyambe ndathamangira ku Wenela kukasaka kondakitala wa basi ya ku Karonga, ndimunyengerere, ndimuimbire Agnesi foni kuti akadikire kudepoti. Anzanga ankakhala atayala kale nsomba zawo pamsika, ine ndili pa ntchito ya masawu. Ayavu ankandiuzanso kuti timatumbato ndisatiike pamodzi ndi milamba, ana angamve fungo n'kunyansidwa. Ndinkawafunsa ngati akufuna ndiwagulire mpando wawowawo m'minibasi.

Chaka china nditatopa nazo ndinawafunsa chimene chinawavuta n'chiyani. Anthu ena amatumizira adzukulu nsapato, iwo bwanji akakamira zipatso za mbuzi? Sanakwiye. Anakhala pa mtondo wanga wogubuduzika n'kundiuza nkhani imene sindinaimvepo pa zaka zonse zimene tinakhala moyandikana.

Kwawo kunali ku Mutarara, kutsidya ku Mozambique. Nkhondo itafika m'mudzi mwawo anathawa ndi mkazi wawo Otilia, Agnesi ali khanda kumbuyo. Amayi awo anali ndi miyendo yotupa ndipo sakanatha kuyenda. Anakana kuberekedwa, nati angochedwetsa mwana. Chimene anachita n'kudzaza matumba a buluku la Ayavu ndi masawu ouma a mu mtengo wa pakhomo, kuti adye m'njira. Sanaonanenso. Nkhondo itatha Ayavu anapita kukafufuza, koma anapeza tchire lokhalokha, ndipo panalibe wodziwa kumene mayiwo anaikidwa. M'njira muja masawu anadya, koma njere sanataye. Atapatsidwa malo kwa Mbenje anazikwirira, ndipo imodzi inamera. Ndiwo msawu waukulu uja.

Anati chimene chinkawapweteka kwambiri si manda osadziwikawo ayi. Chinali chakuti tsiku lina Agnesi ali kamtsikana, aphunzitsi anamufunsa dzina la agogo ake, iye n'kubwera kunyumba kudzafunsa ngati nayenso anali ndi agogo. "Munthu akafa amaikidwa kamodzi," anatero Ayavu. "Koma mdzukulu akapanda kukudziwa, ndiye kuti sunakhaleko n'komwe. Ine nkhabe kufuna zimenezo, sindizifuna ndithu."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkang'ung'udzabe, poti ndi chibadwa changa, koma ndinkang'ung'udzira kumbali.

Mwa adzukulu atatuwo, amene anapondako kuno ndi Yamiko yekha, ndipo kamodzi kokha. Anabwera ndi mayi ake pa maliro a mayi Otilia, mano akutsogolo atangoguluka kumene. Mwanayo anazunzika. Udzudzu unamutupitsa thupi lonse, madzi athu a m'mjigo ankati ndi amchere, ndipo Chisena chimene chinkayankhulidwa pamaliropo chinkangomudutsa. Ayavu akamutambasulira manja ankabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake. Ndinkawaona Ayavu akubweza manja awo pang'onopang'ono, n'kunamizira kufunafuna machesi m'thumba. Mkazi wawo anali atangoikidwa kumene, koma ndikhulupirira kuti zimenezi zinkawawawa mofanana.

Tsiku loti abwerera mawa lake, ndili pakhomo panga ndikusankha nsomba, ndinaona awiriwo ali pansi pa mtengo wa Yamiko. Sindikudziwa kuti anamunyengerera bwanji. Ayavu anadya sawu, analavulira njere m'dzanja, anakumba kadzenje ndi chala chachikulu cha kuphazi, anaponyamo njereyo n'kukwirira ndi chidendene. Mwanayo anaseka, n'kuchita chimodzimodzi ndi nsapato yake yapulasitiki. Anachita zimenezo mpaka dzuwa linapendeka, osayankhulana kwenikweni. M'mawa mwake anakwera minibasi, ndipo sanabwerenso.

Pa ulendo womwewo Agnesi anandiuza chinthu chimene ndikanakonda akanachisunga. Anati ndisamadzivute kwambiri ndi timatumba tija, chifukwa anawo amangolawa pang'ono n'kusiya. Azolowera tinthu ta m'mapaketi ta kugolosale. Masawu ambiri ankapita nawo kuchipatala, anamwino anzake n'kumatafuna pa nthawi yopuma. Anandipempha kuti ndisawauze bambo ake. Mtima unandiwira. Ndinaganiza za mbuzi yanga yotsimphina, za makasitomala amene ndinkawataya ndili ku Wenela, koma makamaka za nkhalamba ija ikutembenuza masawu padzuwa la kuno, kuti akathere m'kamwa mwa anthu osadziwa n'komwe dzina lake. Sindinawauze. Ndinangowaponyera mawu tsiku lina kuti ana a masiku ano sayamika. Iwo anangoti kupatsa n'kuika, napitiriza kuluka.

Foni nayo sinkathandiza. Ayavu analibe yawo, ndiye Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankabwera kwanga atavala malaya awo oyera, ngati anawo awaona. Agnesi akaitana ana, aliyense ankati, "Muli bwanji agogo," iwo n'kuyankha ndi mtima wonse, kufunsa za sukulu, za chimfine, za dzino. Kumbali inayo kunkangomveka "eya" ndi "ayi", kenako phokoso la mapazi akuthawira kubwalo. Anawo anakulira m'Chitumbuka ndi Chingerezi, ndipo Chichewa cha agogo awo, chosakaniza ndi Chisena, ankachimva mwa patalipatali. Ayavu ankakhalabe foni ili kukhutu ngakhale itaduka kale. Pondibwezera ankathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, make Witness. Akula anawa, mawu awo asintha." Ine ndinkayang'ana kumbali.

Kenako kunabwera madzi a namondwe wa Freddy. Chakudza sichiimba ng'oma. Ife kusefukira kwa madzi tinakuzolowera, timadziwa pokwera ndi pothawira, koma ulendo umenewu mtsinje unasiya njira yake n'kudzera pakati pa mudzi. Tinathawa m'mawa, madzi ali m'chiuno, aliyense ndi chimene wagwira. Ayavu anachita kukokedwa ndi anyamata awiri, chifukwa ankangotembenuka kuyang'ana mitengo yawo. Tinakhala kumsasa ku Bangula mpaka madzi ataphwa, ndipo titabwerera sitinadziwe ngakhale pamene panali nyumba zathu. Ponseponse panali mchenga woyera. Mitengo ya adzukulu itatu ija inapita. Waukulu uja unali utagona cham'mbali, mizu ina ili m'mwamba, thunthu litakwiririka.

Tinapatsidwa malo atsopano kumtunda, pouma, pamiyala. Anthu anayamba kuumba njerwa ndi kudula mitengo yomangira. Ayavu anangozika kachisakasa kogonamo, ndipo m'mawa uliwonse ankatenga khasu n'kutsikira kumudzi wakale, mtunda woti wachinyamata amafika atatuluka thukuta. Ankakafukula mchenga kuzungulira msawu uja, kukwirira mizu yoonekera, kutungira madzi ndi kachigubu. Anthu ankati mutu wawasokonekera. Ine ndinawakalipira kuti adzafera m'njira ndi dzuwa, koma tsiku lina ndinawatsatira ndi ndowa yanga. Mtengowo unaphukadi timasamba tobiriwira panthambi imodzi, ndipo tsiku limenelo Ayavu anaimba nyimbo ya Chisena njira yonse.

Nyengo ya masawu itafika, ku Bangula anadzaza monga mwa masiku onse, ochokera kumidzi imene madzi sanafike. Ndinaona kuti nzeru ndi yapafupi. Ndinawauza kuti aluke timatumba tawo, ine ndigula masawu abwino pamsika, tisankhe, titumize. Ndani ku Karonga angasiyanitse? Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinachita manyazi ine munthu wosachita manyazi wamba.

"Make Witness, inu nsomba yoola mumaibisa pansi pa dengu?"

Ndinati ayi, ngakhale mwina Mulungu akudziwa zina.

"Ndiye ine ndinamize mdzukulu wanga? Akadya aziti ndi a agogo, pamene ndi a munthu wosamudziwa? Bola asalandire kanthu."

Chaka chimenecho sikunapite kanthu ku Karonga. Dzuwa la Okutobala litafika, timasamba tija tinafota, khungwa linayamba kusendeka, ndipo msawu wa ku Mutarara unauma. Njere analibe ngakhale imodzi, zonse zinapita ndi madzi. Anasiya kutsikira kumudzi wakale. Anasiyanso kuluka, asodzi akabwera ankawauza kuti manja akuwawa. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti Lamulungu sankabweranso kudzaimba foni. Ndikawatengera kwawo ankakana kuigwira. Ankati alibe choti awauze anawo, pakuti chimene ankayankhula nacho anali masawu aja, ndipo apita. Agnesi ankawatumizira zovala ndi shuga, iwo n'kulandira mwaulemu, koma munthu ankangotha tikuona. Ndinamuuza Agnesi zonse, za mtengo ndi za amayi a bambo ake, ndipo ndinamuwonjezera ndi mawu ena owawa amene anali atandikhala pakhosi kwa zaka zambiri.

Chaka chinatembenuka, nyengo ya masawu inabweranso. Tsiku lina ndili pamsika ku Limbe, Agnesi anaimba kuti ndipite ku Wenela, kondakitala wathu uja ali ndi katundu wa bambo ake. Ndinaganiza kuti ndi shuga monga kale. Koma mnyamatayo ananditulutsira kathumba ka mlaza, kakale, kofiirira ndi utsi, kobooka pangodya pomwe wina anasoka ndi ulusi wa juzi ya sukulu. Pakamwa pake panali mfundo imodzi. Nditakagwedeza ndinamva kulira kumene ndimakudziwa bwino.

Ndinamuimbiranso Agnesi pomwepo kumufunsa ngati wayamba kugula masawu kuti anyenge bambo ake. Anati ayi. Anati kuseri kwa nyumba yawo, pamene pamatsikira madzi a kubafa, panamera kachitsamba kaminga kamene iye anakadula kawiri konse poopa njoka, ndipo kawiri konseko Yamiko analira mpaka kukana chakudya. Sanafunse chifukwa, anangoti ndi nkhani za ana. Pamene anawafotokozera anawo zimene ndinamuuza zija, ndi pamene mtsikanayo anaulula. Chibwerereni kumaliro kuja, kathumba kake kakafika ankadya ochepa, inde, koma njere iliyonse ankakaikwirira kuseriko ndi chidendene. Zambiri sizinamere, zina zinadyedwa ndi mbuzi. Imodzi inapirira zikwanje za mayi ake, ndipo chaka chimenechi inali itabereka koyamba.

Nsomba zotsala ndinamusiyira mnzanga kuti andigulitsire, chinthu chimene sindichita. Kathumbako ndinakanyamula pamiyendo kuchokera ku Blantyre mpaka ku Bangula, kutali ndi milamba.

Ndinawapeza Ayavu atakhala pamthunzi wa chisakasa chawo, manja ali pamaondo. Ndinangowaika kathumbako m'manja. Anakatembenuza, anayendetsa chala pa malukidwe ake, anaima pa ulusi wa juzi uja, kenako pa mfundo. Anamasula pang'onopang'ono. Masawuwo anali ochepa, osadzaza ngakhale manja awiri, ang'onoang'ono, ena obiriwira, ena ouma mopitirira. Ndinawafotokozera zonse mmene Agnesi anandiuzira. Anatenga limodzi n'kuika m'kamwa, natafuna nthawi yaitali maso ali pansi. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo ndinkadzikwiyira nayo.

"Owawasa," anatero pomaliza. "Wathyola mwanayu, sanadikire kuti agwe okha. Ndipo wayanika pa malata, apsa mbali imodzi." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Foni yanu ili ndi moto? Ndiyenera kumuuza."

Sinali Lamulungu, ndipo anali atavala malaya ong'ambika, koma sanasamale. Yamiko anali atangofika kuchokera kusukulu, mtsikana wamkulu tsopano, wa sekondale. Ndinakweza mawu a foni kuti Ayavu amve bwino, ndiye zonse ndinazimva. Sanamufunse za sukulu kapena za chimfine. Anayamba ndi mphasa, kuti aziyala pansi pa mtengo. Anamuuza za thandala, za kutembenuza, za mbozi, za minga yotchingira mbuzi. Akasochera m'Chisena mtsikanayo ankati, "Bwerezani agogo, sindinamve," iwo n'kubwereza. Sindinamve mapazi othawira kubwalo. Ndinamva Favour ndi Elisha akukangana chapatali, wina akufunsa ngati iwonso angakhale ndi mitengo yawo.

Kenako Yamiko anafunsa kuti mtengo woyamba uja, wa ku Mozambique, unali wa ndani. Ayavu anati unali wa amayi awo.

"Dzina lawo anali ndani?"

"Josefina."

"Josefina," anabwereza mtsikanayo, pang'onopang'ono, ngati akulawa. "Ndiwauzanso Favour ndi Elisha."

Foni inaduka yokha mayunitsi atatha, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinadandaule nazo. Ayavu anandibwezera osanena ngakhale takhuta. Ndinawapempha sawu limodzi kuti ndilaweko, poti ndine ndawasenza, koma anamanga kathumbako n'kukaika mkati mwa malaya, nati awa si odya. Njere ya loyamba lija inali ikadali m'tsaya mwawo nthawi yonse imene ankayankhula. Anadzuka, anayendayenda pabwalo lawo lamiyala akuyang'ana pansi, mpaka anapeza pofewa pafupi ndi pamene amatayira madzi. Anakanda ndi chala cha kuphazi, analavuliramo njereyo, n'kukwirira ndi chidendene. Atatero anandituma kuti ndikawabwerekere chikwanje, akufuna akadule minga mbuzi zanga zisanabwere.